Usaitsuke Diramu Yakoyo

Naif, Deira, Dubai
Lachinayi masana

Zainabu mwana wanga,

Ndikulemba kalatayi nditakhala pa chigubu cha mafuta ophikira kuseri kwa kafeteriya, nthawi ino imene dzuwa lathamangitsa anthu mumsewu ndipo palibe galimoto yoimba hutala kufuna tiyi. Ndasankha kulemba chifukwa pakamwa ine ndi iwe sitimvana. Ndikayamba kulankhula mawu amakwera okha, iwe n'kuyang'ana kumbali monga amachitira mayi ako, basi nkhani yathera pomwepo. Ndiye uwerenge mpaka kumapeto, ngakhale pena pakunyanse.

Mawa madzulo ndege yako yobwerera kwathu inyamuka. Malo ako ku koleji ya unamwino akukudikira, ndipo fizi ya temu yoyamba ili mu akaunti yako, ndalama imene wasonkhanitsa wekha utaimirira pa thilu ya supamaketi ku International City. Koma Lamlungu unabwera kuno ndi diramu yachilendo ija imene unaipeza pa thilu, itakulungidwa pa tishu, n'kundiuza kuti ukufuna usunthe tsiku la tikiti, utape pa fiziyo, uitumize kunja kwa akatswiri oyeza ndalama zachitsulo kuti akaipatse giredi mwachangu. Unati ikabwerako ili m'kabokosi kawo ka pulasitiki, nambala ili pamwamba, udzaigulitsa pa mtengo woti tonse tipume. Ine mawu amene ndinatulutsa ndi amodzi okha, okukalipira, kenako ndinaiyang'ana nthawi yaitali osanenanso kanthu. Iwe unayesa ndikukunyoza. Unati, "Ababa, inu chilichonse changa mumachiona chachibwana." Sizinali choncho, Zai. Ndikuuza zimene ndinkayang'ana, koma uyambe wamva mmene bambo ako anaphunzirira kuyang'anako, pakuti sukulu yake inali yodula.

Ntchito yanga ukuidziwa. Galimoto ikaima, ine ndimathamanga ndi kapu ya karak, tiyi wamkaka wa kuno uja, n'kubwerako ndi ndalama yachitsulo m'manja. Zaka zonsezi madiramu amene adutsa m'zala zangazi ndi ochuluka kuposa chimanga chonse chimene ndinalimapo ku Ntaja. Lero ukhoza kundipatsa ndalama ndili chitsinzinire, ndikuuza ngati ndi diramu kapena ayi. Koma chaka choyamba sindinali choncho. Ndinali mbuli yovala yunifolomu yosita bwino.

Tsiku lina chaka chimenecho, m'thumba la chenji ndinapeza diramu yachilendo. Kukula kwake komweko, mtundu womwewo, zilembo zachiarabu, koma pamene pa diramu pamakhala chithunzi cha ketulo ya khofi ija panali mpeni wopindika ndi malupanga awiri. Ndinaisinthanitsa ndi diramu yanga, n'kukamuonetsa Phiri wa ku Chipata, amene ankagona bedi la pamwamba pa langa. Phiri ukumudziwa, kwa iye chilichonse ndi dili. Anangoti, "Mudala, mwalemela imwe. Iyi baphonya ku fakitale, bazungu bagula na mamiliyoni." Sabata yonse ndinayenda nayo m'sokosi. Tsiku lopuma litakwana ndinafunsira njira mpaka kukafika kwa a Bashiri, mkulu wa ku Kerala amene ali ndi kashopu ka ndalama zakale ndi masitampu m'kanjira kena kuseri kwa msika wa golide. Ndinavula nsapato ndi sokosi pamaso pawo, iwe. Iwo anaiyang'ana kamodzi, n'kukoka dirowa yodzaza ndi zinzake. Anati, "Habibi, iyi ndi ya ku Oman. Mtengo wake ndi theka la diramu. Amene anakupatsayo anamwa tiyi wako pa theka la mtengo." Dzina la dzikolo linali litalembedwa pomwepo, ndipo zilembo zakezo ndinaziphunzira ku madrasa ndili mwana. Sindinawerenge chifukwa sindinkafuna kudziwa.

Ndiye choyamba ndi ichi. Usanatchule ndalama kuti ndi yolakwika, udziwe kaye mmene yolondola imaonekera. Ika yakoyo pambali pa zinzake za chaka chimodzimodzi, osati chaka chilichonse, chifukwa madiramu a masiku ano amakakamira ku maginito pamene akale sakakamira, ndipo kulemera kwawo n'kosiyana pang'ono. Uziyang'ane pa kuwala kwa masana, mbali zonse ziwiri, ndi m'mphepete momwe. Uwerenge zonse zolembedwapo ngakhale mtima ukuthamanga. Zimenezi sizilira ngakhale filisi imodzi, tambala ya kuno.

Nkhani yachiwiri ukuidziwa theka lake, pakuti mayi ako amaifotokoza pa ukwati uliwonse umene aitanidwa. Ukukumbukira dzinja lija denga linkadontha, iwe n'kumagona ndi beseni kumiyendo? Ndalama ya malata ndinali nditaipeza, inali m'manja, inangotsala kutumiza. Kenako munthu wina anandilipira ndi diramu yonenepa m'mphepete, mkombero wake utakwera n'kupindikira mkati ngati kambale, zilembo zitafufutika pang'ono. Ndinali ndisanaonepo yotero. Kwa a Bashiri sindinapite. Ndinkaopa kuti andiseka, komanso kamtima kena kankandinong'oneza kuti mkuluyu anena kuti ndi yachabe n'cholinga choti aigule motchipa. Ndinapita ku shopu ina yowala magalasi, kumene munthu wovala tayi anandipatsa mpando ndi madzi ozizira. Anaitembenuza kawiri n'kunena kuti, "Yosangalatsa kwambiri, bwana. Titumize." Ine kumva wina akunditchula bwana mu Dubai muno, ndinangoti zanga zayera. Ndinalipira ya akatswiri, ya positi popita ndi pobwera, ya inshuwalansi, ndi ya shopuyo pamwamba pake. Potuluka, ndalama ya malata inali itatsala yogulira misomali.

Ndinadikira miyezi, foni osachoka m'manja. Itabwera, sinali m'kabokosi kokongola kaja. Inali m'kathumba ka pulasitiki, pamodzi ndi kapepala konena kuti inaonongeka itatuluka kale ku fakitale. Ndalama sabweza, chifukwa iwo ntchito yawo ndi kuyang'ana, ndipo anayang'ana. Ndinapita nayo kwa a Bashiri mutu uli pansi, ndipo sanandiseke. Anandipatsa galasi lokulitsira, n'kundionetsa tizipsera tating'onoting'ono kuzungulira mkombero wonse. Anati ndalamayo inaiwalika m'thumba la buluku, n'kukanirira m'makina oumitsira zovala, mmene inagubuduka ndi kumenyeka masiku ambirimbiri mpaka kupindika. "Ukanabwera poyamba ndikanakuuza ulere," anatero. Mpaka lero mayi ako akafuna kundikhazika chete amangofunsa kuti, "Kodi malata athu aja akadali mu sutikesi?" Akadalimo, pakuti diramuyo ndinaisunga mmenemo, ndipo timaseka tonse. Koma beseni lija ndikalikumbukira limandiwawa, chifukwa wogona nalo unali iwe, osati ine.

Pamenepa utengepo ziwiri. Woyamba kukuonera ndalama akhale munthu amene sapindula kanthu ukatumiza. Amene amadya pa kutumizako sangakuuze kuti usatumize, ngakhale utam'patsa chitsekerero cha botolo. Ndipo usathawe munthu chifukwa choti akuuza zowawa. Ine ndinathawa woona ulere n'kukalipira wondisekerera.

Chinacho n'choti kulakwika kwa ku fakitale n'kosiyana ndi kuvulala kwa mumsewu. Ndalama za kuno zimaona zambiri, mwanawe. Zimapondedwa ndi malole pa phula lotentha, zimakanirira m'makina a zakumwa, zimagwera m'ngalande, anthu amatsegulira zitini ndi kumangira masikuluwu. Zambiri zimene zimaoneka zachilendo n'zovulala basi. Ku fakitale ndalama imadindidwa pakati pa zidindo ziwiri, china pamwamba china pansi, nthawi imodzi. Cholakwika chikachitika pamenepo, zimene ukuona kumaso zimagwirizana ndi zimene zili kumbuyo, ndipo chitsulo chimakhala chosalala mwa icho chokha. Kuvulala kumasiya zokanda, mabala, ndi chitsulo chokankhikira pambali ngati matope opondedwa. Ukakayika, ipite pa sikelo. Ndalama imene inapalidwa kapena kudyedwa ndi mankhwala imapepuka.

Tsopano nkhani imene imandipweteka kwenikweni, ndipo ndi imene yandilembetsa kalatayi. Patapita zaka, maso atayamba kuona, ndinapeza yeniyeni. Inali diramu yokhala ndi ketulo mbali zonse ziwiri. Mbali ina ketuloyo inali yotukuka monga mwa masiku onse, mbali inayo inali yolowa mkati ndi yotembenuka ngati ukuiona pa kalilole. Zimachitika ndalama ina ikakanirira pa chidindo n'kudinda inzake yotsatira. Ulendo uno ndinachita zonse mwa dongosolo. Ndinayerekeza, ndinawerenga, ndinayang'ana zipsera, osazipeza. Phiri sindinamuuze. Ndinati mawa ndipita kwa a Bashiri ngati munthu wophunzira.

Koma inali yakuda, Zai, yadothi la manja a anthu. Ndipo iwe ukudziwa mmene tinaleredwera. Kwathu supita kwa munthu wamkulu ndi chinthu chakuda m'manja. Mbale ya eni ake suibweza yosatsuka. Agogo ako mphika ankaukwecha ndi mchenga mpaka kudzionera nkhope, ndipo njinga yokagulitsa timayamba taitsuka ndi kuipaka mafuta kuti wogula aone kuti mwini wake ndi waulemu. Ndiye m'mawa wa tsiku lopitalo ndinalowa m'khitchini muno, ndinatenga ndimu, mchere, ndi waya wotsukira mapoto. Ndinaikwecha ndi mtima wonse, mbali zonse, mpaka inawala kuposa zonse za m'dirowa. Ndinavala mkanjo wanga wa Lachisanu, n'kunyamuka ndikudzitamandira mumtima kuti mwana wa ku Ntaja sachititsa manyazi.

A Bashiri anaiika pansi pa galasi, kenako anavula mandala awo n'kundifunsa kuti, "Wachita izi ndani?" Ine ndi chifuwa chotukula ndinati, "Ndine, kuti muione bwino." Mkulu uja anagwira mutu ndi manja onse awiri. Anati, "Khalas, zatha. Iyi inali yeniyeni. Mmene inalili dzulo, ndikanaitumiza ndi ndalama ya m'thumba mwanga." Anandisendezera galasi lija. Chimene ine ndinkachiona ngati kuwala chinali mizere yokhayokha, yopingasana paliponse, ngati bwalo losesedwa ndi tsache louma. Anandifotokozera mofatsa kuti ogula ndalama zotere amalipira khungu limene ndalamayo inatuluka nalo ku fakitale, pamodzi ndi kuda kumene zaka zaikapo, ndipo khungulo ukalichotsa silimeranso. Akatswiri akaona mizereyo amalemba pa kabokosi kuti yotsukidwa, mtengo n'kugwa pansi. A Bashiri anaigula okha pondimvera chisoni. Ndalama yake ndinagulira nsapato zantchito, ndipo zinatha chaka chomwecho. Tsiku limenelo ndinawoloka madzi a Creek pa abra, bwato la kuno lija, kupita ndi kubwera popanda kumene ndinkapita, kungoti ndisabwerere msanga kuchipinda.

Ndiye Lamlungu, utaitulutsa pa tishu n'kuyamba kuipukuta ndi nsonga ya mpango wako kuti ndiione bwino, ndinakuwa kuti, "Isiye!" mpaka wophika anasuzumira pa windo. Pepa, mwana wanga. Sindinkakalipira iwe. Ndinaona dzanja la agogo ako likutuluka mwa iwe monga linatulukira mwa ine, ndipo ndinachita mantha.

Usaitsuke diramu yakoyo. Usaiyandikize sopo, ndimu, phulusa, mankhwala otsukira mano, ngakhale malovu. Usaipukute ndi nsalu. Poigwira uzigwira m'mphepete ndi zala ziwiri zouma, osati pankhope. Pa tishu uichotsepo, ndipo isagonenso m'chikwama pamodzi ndi makiyi. Ndikudziwa kuti usiku uno, ukamalongedza, uiona kuti yathimbirira pafupi ndi chogwirira cha ketulo, ndipo zala zikuyabwa. Ukhalire manja akowo. Kumene ukupitako akakuphunzitsa kutsuka chilichonse mpaka zigongono, ndipo uzikawamvera. Pa dziko lonse lapansi, ichi chokha ndi chimene bambo ako akukuuza kuti uchisiye ndi litsiro lake.

Pali china chimene sindinalakwitse ndi thumba, koma chinandidyera tulo tambiri, ndicho mitengo ya pa foni. Mpaka lero Phiri amanditumizira timavidiyo ta anthu okuwa kuti ndalama iyi ndi nyumba, iyi ndi galimoto. Ndaona kuti nawenso akutumizira. Pa msika wa mbuzi ku Ntaja munthu akhoza kutchula mtengo uliwonse umene walota, palibe womumanga. Mtengo weniweni ndi umene wogula wapereka n'kukoka chingwe kumapita. Pa intaneti n'chimodzimodzi. Usayang'ane zimene anthu akupempha, uyang'ane zimene zinagulidwa kale, za mtundu womwewo, za dziko lomwelo. Ndalama zambiri za m'timavidiyoto n'za maiko amene osonkhanitsa ndi ambiri ndipo amalimbirana. Diramu ilinso ndi oifuna ake, koma sachuluka choncho.

Ukapeza mtengo umenewo, ukhale pansi uchite samu. Uphatikize ya akatswiri, ya positi mbali zonse, ya inshuwalansi, ya wokutumizira, ndi imene adzadule wokugulitsira. Uyerekeze ndi mtengo wotsikitsitsa umene waupeza, osati wokwera, chifukwa sudziwa giredi imene adzaipatse. Ngati chotsala n'chochepa, usatumize. Ndalama yokhala ndi kacholakwika kakang'ono bola kuigulitsa mmene ilili kwa munthu woidziwa. Giredi siisandutsa ndalama kukhala yodula. Imangotsimikizira wogula wa kutali, amene sangaigwire m'manja, kuti sakumunamiza. Ndipo utumize ndi ndalama imene ikalowa m'madzi sulira nayo. Fizi si ndalama yotero, monga ya malata sinali yotero.

Tsopano ndikuuze zimene ndinaona pa yako nthawi ndinakhala chete ija. Ketulo yasunthira kumbali, ndipo mbali inayo kwatsala malo osadindidwa, osalala, ooneka ngati mwezi wongokhala kumene. Nditaitembenuza, malo osadindidwawo anali pomwepo kumbuyo kwake, ndendende. M'mphepete mulibe timizere tija timakhala pa diramu iliyonse, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira, chifukwa inadindidwa itaphonya mphete imene imaika timizereto. Chaka chikuoneka chonse, ndipo ogula amakonda zimenezo. Sindinaone bala, sindinaone chokanda, ndipo kuwala kwa ku fakitale kukadalipo, kusonyeza kuti sinayende m'manja ambiri isanakupeze. Chatsala ndi sikelo basi.

Zai, ndikuganiza kuti ndi yeniyeni. Zaka zonsezi ndakhala ndikufuna kuonanso yotere, ndiye yakasankha thilu yako. Ndinakondwa, ndipo ndinanyadira diso lako, chifukwa anthu ambirimbiri anailandira n'kuipereka osaona kanthu. Ndinanyadiranso utandiuza kuti unaitana supavaiza wako kuti aone ukuikamo diramu yako m'malo mwake. Umenewo ndi mkhalidwe wa mayi ako. Ndikanayenera kukuuza zonsezi pomwepo, koma ndinkaopa kuti ndikangoti ndi yeniyeni, uthamangira kukasuntha tikiti ndisanamalize chiganizo.

Pakuti kukhala yeniyeni ndi nkhani ina, mtengo ndi nkhani ina. Malinga ndi zimene ndaona zikudutsa pa kauntala ya a Bashiri, yotere ndi yoyenera kutumiza, koma pa njira yofatsa. Ikayenda bwino ikhoza kukugulira laputopu yogwirapo ntchito ndi mabuku, mwina n'kutsalako ya sopo ya miyezi ingapo. Si zochepa zimenezo kwa mwana wa sukulu. Koma si nyumba, si galimoto, ndipo si fizi ya zaka zonse. Njira yachangu imene ukuifunayo idya phindu lalikulu isanafike n'komwe. Ndipo akatswiri aja ali ndi magalasi oposa athu. Akakaona chimene ine sindinachione, fizi yapita, tsiku lolembetsa ladutsa, malo ako apatsa mwana wa wina amene akudikira pa mzere. Ndalamayo ikhoza kukhala m'dirowa zaka khumi osasintha, koma koleji sikudikira.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Mawa abwana andipatsa theka la tsiku. Tikumane m'mawa pa siteshoni ya Metro ya pafupi ndi msika wa golide, tipite limodzi kwa a Bashiri. Akaiika pa sikelo ndi pa galasi, ulere. Uwafunse mafunso onse amene uli nawo, ngakhale amene ukuwaona opusa, pakuti sangapose anga a sokosi aja. Akaivomera, iwo amasonkhanitsa ndalama za anthu angapo n'kuzitumiza phukusi limodzi, ndipo mtengo umatsika kwambiri chifukwa positi ndi inshuwalansi timagawana. Zimatenga miyezi, koma iwe udzakhala uli m'kalasi, sudzaimva miyeziyo. Yolipirayo ndilipira ine, pang'onopang'ono, kuchokera kwa makasitomala amene amati chenji ndisunge. Lisiti alemba dzina lako, osati langa. Ikadzabwera, wonena kuti igulitsidwe kapena isungidwe ndi iwe. Akaikana, tataya m'mawa umodzi wokha, ndikugulira biriyani tidyere limodzi, ndipo ulowa nawo m'gulu la a malata. Kaya aivomera kaya aikana, fizi siikhudzidwa ndipo tikiti ikhala mmene ilili.

Ukafuna kupita nayo kumudzi, ndi yako, sindikulanda. Kungoti ukaisunge m'kachikwama kake ka pulasitiki kamene ndikugulire, ndipo usakaionetse anthu. Usaiike pa sitetasi ya foni. Kwathu kuli anthu oyendayenda aja ofunafuna simbi zakale za makala ndi makobiri a bowo, amene amati kuli mzungu wogula, kungoti uyambe wapereka ya mayendedwe ndi ya mankhwala oyezera. Munthu wofuna kugula chako sakupempha ndalama. Amalume akonso akangomva kuti wabwera ndi ndalama yodula ya ku Dubai, mudzi wonse udzadziwa kuti unalemera, ndipo ukhala ukulandira alendo a mavuto mpaka mayeso.

Dzulo mayi ako anandiimbira. Ndinayamba kuwadandaulira kuti mwana wawo wauma mutu, akufuna kutaya sukulu chifukwa cha kachitsulo. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera, kenako anati, "Mwamaliza? Mwanayo sakufuna galimoto. Anandifunsa ngati ndingakonde mutabwera naye ndege imodzi." Anandiuza kuti wakhala ukufunsa mtengo wa matikiti awiri. Anati tsiku lina unafika kuno ine osakuona, unaima tsidya la msewu, n'kundiona ndikukoka mwendo pakati pa magalimoto ndi thireyi m'manja, wina akundiimbira hutala ngati akuitana galu. Anati unawaimbira ukulira, ukunena kuti Ababa sakuyenera kuthamangira diramu imodzi pa msinkhu umenewu.

Nditadula foni ndinalowa m'kachipinda kosungira shuga n'kutseka chitseko. Ndinalira, mwana wanga, ndipo sindichita nazo manyazi. Ine ndimaganiza kuti bondoli ndimalibisa bwino. Palibe munthu anayamba wandiwerengera mtengo wa tikiti yobwerera kwathu, ngakhale ine mwini ndinasiya kuuwerengera. Zikomo. Mawu amenewa ndikanakuuza pamaso akanatuluka ngati ndewu, ndiye ndawalemba.

Koma undimvere. Diramu imeneyo singanditengere kunyumba, ngakhale atailemba giredi yapamwamba bwanji. Ikhoza kugula tikiti, inde, koma ndikafika ku Ntaja mwezi wotsatira tidya chiyani, ndipo temu yachiwiri alipira ndani? Ndikabwera chimanjamanja iwe n'kutaya malo, tonse awiri tikakhala pakhonde kuyang'anana, ndipo sindingadzikhululukire. Ine ndili ndi mphamvu zokwanira zaka za sukulu yako. Ndaziyeza, ndipo ukudziwa kuti masiku ano ndimayeza ndisanalankhule. Abwana alonjeza kuti mnzathu wa pa kauntala akapita kwawo, malo akewo ndi anga, ndizikhala pa mpando ndikulandira ndalama ngati bwana weniweni. Inshallah, usanamalize chaka choyamba udzamva kuti ndasiya kuthamanga.

Ndibwera kwathu, Zainabu, ndipo ndikubwera kudzakhala. Ndikufuna ndidzatsike ndege iwe utavala yunifolomu yoyera, mayi ako ali pambali akundinena kuti ndaonda. Bondoli adokotala a kuno aliona, andipatsa mafuta opaka, ndipo ndikupaka. Koma ndalisungira namwino mmodzi amene adzandikalipire m'Chichewa ndikadumphitsa mankhwala, ndipo namwino ameneyo sanayambe sukulu. Mawa ukwere ndegeyo.

Allah akutsogolere panjira, akupatse mutu wogwira ndi anzako abwino.

Ndine bambo ako